Maginito pamutu: zomwe ndinayankhula Loweruka za matenda okhumudwa

 Inu amene mukuwerenga pa foni chifukwa simunabwere, ndalemba monga momwe ndinayankhulira, ndangochotsa malo amene ndinkachita chibwibwi.

Ndiyambe ndi funso. Ndani pano anakwerapo njinga ya dayinamo? Ija yoti kukada umakankhira kabotolo kachitsulo pa tayala, ukamapalasa getsi n'kumawala, ukaima getsinso n'kuzima. Masiku ano aliyense ali ndi tochi ya pa foni, koma agogo anga aamuna njinga yawo ikadali nayo. M'kabotolo kaja mulibe batire. Muli maginito ndi waya wokulungakulunga basi. Tayala likamazungulira limazunguza maginito, ndipo maginito akamayenda pafupi ndi waya, mu wayamo mumabadwa magetsi. Anatulukira zimenezi ndi Michael Faraday ku London mu 1831. Ife amene tinalemba Physics ya Fomu 4 tinaziloweza usiku ndi kandulo. Ine ndinaziloweza kuti ndikhoze mayeso basi, sindinkadziwa kuti ndidzazifunanso chifukwa cha msuweni wanga.

Wandilola kuti ndinene nkhani yake, bola ndisatchule dzina. Ndi wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri, munthu wa nthabwala, woti pamaliro amamuthamangitsa kumoto chifukwa choseketsa anthu. Chaka chatha anangoyamba kuzilala. Mpira anasiya. Ganyu anasiya. Ankagona mpaka masana koma akadzuka amati sanagone. Nsima ankangoitsina kawiri n'kusamba m'manja. Kunyumba ena ankati ndi ulesi, ena ankati wayamba chamba, ena ankanong'ona kuti pali munthu wamuchita chipongwe. Patatha miyezi azakhali anamutengera kuchipatala cha boma, ndipo kumeneko anawauza kuti ndi matenda okhumudwa, amene ena amangoti dipuleshoni. Anamupatsa mapilitsi. Anamwa mwezi wathunthu ndi theka, palibe chinasintha kupatula kuuma kukamwa ndi kuwodzera. Nthawi imeneyo ndi imene ine ndinayamba kumaliza bandulo usiku, kufufuza funso limodzi: nanga mankhwala akakanika, chimatsala n'chiyani? Ndi mmene ndinakumanirana ndi nkhani ya maginito.

Tisanafike kumeneko tigwirizane kaye kuti tikukamba chiyani. Uku si kukhumudwa kwa tsiku limodzi kuja timu yako ikagonja kapena wina akakukana. Achipatala amayamba kuganizira matendawa munthu akakhala milungu iwiri kapena kupitirira, pafupifupi tsiku lililonse, ali wosweka mtima, zomwe ankazikonda sizikumukomanso, tulo tasokonekera, chakudya sichikulowa, thupi lili lefu, ndipo akudziona ngati katundu wolemetsa anzake. Bungwe la WHO limati anthu oposa 280 miliyoni padziko lonse ali ndi vutoli. Ambiri amathandizika ndi uphungu, mankhwala, kapena zonse ziwiri. Koma pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amayesa mankhwala awa, n'kuyesa ena, osachira bwinobwino. Njira ya maginito anaikonzera makamaka anthu amenewa.

Pachingerezi amaitchula mwachidule kuti TMS. Kuti muimvetse, bwererani ku dayinamo ija. Ubongo wathu umagwira ntchito ndi magetsi. Osati a ESCOM ayi, musaseke, ndi timagetsi tochepa kwambiri timene maselo a ubongo amagwiritsa ntchito potumizirana mauthenga. Ndiye ngati maginito osinthasintha amabala magetsi mu waya, angathenso kubala magetsi m'maselo a ubongo, chifukwa nawonso magetsi amadutsamo. Chokoma chake n'chakuti chigaza chimatchinga magetsi koma sichitchinga mphamvu ya maginito. Asayansi anali atayesapo kale kudutsitsa magetsi enieni pakhungu la pamutu kuti adzutse ubongo wa munthu ali maso, ndipo zinkatheka, koma zinkapweteka kwambiri poti pankafunika magetsi amphamvu kuti aboole fupa. Maginito amangodutsa fupalo ngati palibe kanthu, n'kukabala magetsiwo mkati momwemo.

Amene anayamba kuonetsa kuti zimatheka ndi Anthony Barker ndi anzake ku Sheffield, ku England, mu 1985. Anaika waya wokulunga pamutu pa munthu, pamalo pamene pamalamulira dzanja, n'kutulutsa mphamvu kamodzi. Dzanja la munthuyo linagwedezeka lokha, mwini wake asanafune. Tangoganizani. Palibe kung'amba, palibe jakisoni, munthu ali chikhalire pampando. Poyamba makinawa ankawagwiritsa ntchito poyeza ngati mitsempha ikuyenda bwino. Zochiza matenda okhumudwa zinadza pambuyo pake, pamene dokotala wa ku America dzina lake Mark George anayesa pa odwala owerengeka mu 1995, ndipo chaka chotsatira Alvaro Pascual-Leone anachitanso kafukufuku wina ku Spain. Bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linavomereza makina oyamba mu 2008, ndipo ku Britain bungwe la NICE linalola njirayi mu 2015. Ndiye si nkhani ya dzulo, ndipo si mphekesera za pa WhatsApp.

Tsopano tiyerekeze kuti ndiwe wodwala, walowa m'chipinda muja. Akukhazika pampando wonga wa kwa dokotala wa mano. Akupatsa zotseka m'makutu chifukwa makinawa amalira kwambiri, kuti tha, tha, tha. Pamutu pako akugunditsa chinthu chooneka ngati nambala 8, mkati mwake muli waya wokulunga. Makina amasunga magetsi ambiri n'kuwatulutsa onse pakamodzi mu wayamo, kwa kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Pamenepo pamabadwa maginito amphamvu ngati a makina aja ojambulira m'thupi a MRI, koma mphamvu yake imalowa masentimita awiri kapena atatu okha. Sifika pakati pa ubongo.

Tsiku loyamba amayamba ayeza kaye kuti mutu wako ukufuna mphamvu yochuluka bwanji, poti mitu imasiyana. Gawo ili ndi limene linandisangalatsa kwambiri. Amasuntha waya uja kumanzere kwa mutu mpaka chala chako chachikulu cha dzanja lamanja chitayamba kudumpha chokha. Lamanja, osati lamanzere, chifukwa mbali ya kumanzere ya ubongo imalamulira mbali ya kumanja ya thupi, mukukumbukira Biology eti? Kenako amachepetsa mphamvu pang'onopang'ono mpaka atapeza mphamvu yochepetsetsa imene ikugwedezabe chalacho. Umenewo ndiye muyeso wako. Akatero amasunthira waya kutsogolo, masentimita asanu kapena kupitirira pang'ono, kufupi ndi chipumi, n'kuwonjezera mphamvu pang'ono pamwamba pa muyeso uja.

Chifukwa chiyani pamenepo? Zithunzi za ubongo zinaonetsa kuti mwa anthu ambiri odwala matendawa, dera la kutsogolo kumanzere limagwira ntchito mofooka. Dera limeneli ndi limene limatithandiza kukonza mapulani, kusankha zochita, ndi kudula maganizo oipa akayamba kuzungulira m'mutu. Lili ndi mitsempha yolumikizana ndi madera a mkati amene amayendetsa momwe munthu akumvera mumtima. Ndiye ngakhale maginito safika mkatimo, akagogoda pakhomo uthenga umafika kuchipinda. Kugogoda mofulumira kumadzutsa dera, kugogoda pang'onopang'ono, kamodzi pa sekondi, kumalikhazika pansi, moti madokotala ena amasankha kugogoda pang'onopang'ono kumanja m'malo mofulumira kumanzere. Ndipo kugogoda kamodzi sikuchiza. Zili ngati kanjira ka m'tchire: ukadutsa tsiku limodzi udzu umadzukanso, koma ukamadutsa tsiku ndi tsiku pamapangika njira. Maselo amene akudzutsidwa pamodzi mobwerezabwereza amalimbitsa kulumikizana kwawo.

N'chifukwa chake njira yoyamba ija ndi yotopetsa. Makina amagunda maulendo 10 pa sekondi kwa masekondi 4, n'kupuma masekondi 26, n'kuyambiranso, mpaka maulendo 75. Amene mumakonda masamu werengani: ndi kugunda 3,000, m'mphindi 37 ndi theka. Ndiye ubwere Lolemba mpaka Lachisanu, kwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Amene anachitapo amati zimamveka ngati gogomole akugogoda pamutu pako. Sugonetsedwa, umatha kucheza ndi namwino, ndipo ukamaliza umadzuka n'kumapita kuntchito kapena kusukulu.

Funso lalikulu n'lakuti, kodi zimagwiradi? Apa ndikupemphani mumvetsere bwino chifukwa ndi pamene anthu amanamizana. Munthu wodwala akamapita kuchipatala tsiku lililonse, namwino n'kumamulonjera, kumufunsa kuti wadzuka bwanji, iye n'kukhala ndi chiyembekezo choti makina odula amuthandiza, akhoza kupezako bwino ngakhale makinawo atakhala ozima. Ndiye ofufuza amagawa odwala pawiri mwa mayere. Gulu lina limalandira maginito enieni, gulu lina limaikidwa makina ongoyerekeza, olira mofanana, okanda pakhungu mofanana, koma osafika ku ubongo. Wodwala sauzidwa kuti ali gulu liti.

Mu 2010 Mark George yemwe uja ndi anzake anatulutsa zotsatira za kafukufuku wotere pa anthu 190 amene mankhwala anali atawakanika. Mwa amene analandira maginito enieni, 14 pa 100 alionse anachira moti zizindikiro zinatha. Mwa amene anaikidwa makina ongoyerekeza, anali 5 pa 100. Ine nditawerenga koyamba ndinakhumudwa, ndinati basi, 14 yokha? Koma taonani mbali zonse ziwiri. Ndi pafupifupi katatu kuposa gulu linalo, ndiye kuti maginitowo akuchitadi kanthu. Komanso awa anali anthu oti njira zina zinali zitalephera kale, ndipo gawo loyerekezalo linali la milungu yochepa. M'zipatala wamba, kumene anthu amamaliza milungu yonse uku akumwanso mankhwala awo, malipoti amaonetsa kuti theka kapena kupitirira pang'ono amapezako bwino, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu zizindikiro zimatha. Manambala achiwiriwa ndi okoma kumva, koma kumbukirani kuti kumeneko kulibe gulu loyerekezera nalo. Ndipo ena mwa ochirawo matenda amawabwerera pakapita miyezi, n'kufunika kubwerezanso.

Kuyambira pamenepo akhala akufupikitsa nthawi. Ku Canada, mu 2018, anayesa pa anthu oposa 400 kagundidwe kena kotchedwa theta burst, kogunda m'timagulu tofulumira kwambiri. Kugunda 600 kokha, mphindi zitatu basi m'malo mwa 37, ndipo zotsatira zake sizinachepe poyerekeza ndi njira yaitali ija. Izi n'zofunika kuposa momwe zikumvekera, chifukwa makina amodzi angathandize anthu ambiri pa tsiku. Kenako ku yunivesite ya Stanford, ku California, anati bwanji tithinikize zonse m'sabata imodzi: maulendo 10 pa tsiku kwa masiku 5, atajambula kaye ubongo wa munthu aliyense ndi MRI kuti apeze malo enieni ogunda. M'kafukufuku wawo, pafupifupi 79 pa 100 a gulu la maginito enieni zizindikiro zinawathera m'milungu inayi yotsatira, pomwe gulu loyerekeza anali 13 pa 100. Manyuzipepala anaikuwa nkhaniyi kwambiri, ndipo FDA inavomereza njirayi mu 2022. Koma mukudziwa kuti onse pamodzi anali anthu angati? 29. Kalasi yathu ya Fomu 4 inali yaikulu kuposa pamenepo. Sindikunena kuti ndi bodza ayi, ndikungoti ukamva peresenti uzifunsanso kuti ya anthu angati. Chinanso chotikhudza ife: mu 2024 FDA inalola makina ena a TMS kugwiritsidwa ntchito pa achinyamata a zaka 15 mpaka 21, mothandizana ndi chithandizo china.

Zovuta zake zilipo. Ambiri amamva mutu kuwawa kapena khungu la pamutu kupweteka, makamaka masiku oyamba, ena nkhope imakokakoka makina akamagunda. Choopsa kwambiri ndi kugwa ngati wa khunyu, koma zimachitika mwa apo ndi apo, osakwana munthu mmodzi pa 1,000. Chiopsezocho chimakula ngati munthu ali kale ndi khunyu, wamwa mowa wambiri kapena sanagone. Amene ali ndi chitsulo m'mutu, monga tizipangizo toikidwa mkati mwa khutu tothandiza kumva, saloledwa. Zomata m'mano zilibe vuto.

Wina anandifunsa panja paja kuti, kodi si zomwe zija amati amawatchaya anthu ndi magetsi? Ayi, n'zosiyana. Imeneyo ndi ECT, inayambira ku Rome mu 1938. Pa ECT munthu amagonetsedwa ndi mankhwala, magetsi enieni amadutsa m'mutu, ndipo cholinga chake n'choti ubongo ugwidwe ngati khunyu kwa masekondi angapo, madokotala akuyang'anira. Mafilimu anaiipitsa mbiri, koma kwa munthu amene wadwalitsitsa, wasiyiratu kudya ndi kumwa, kapena moyo wake uli pachiswe, ECT ndi yamphamvu kuposa TMS ndipo yapulumutsa anthu ambiri. Vuto lake imatha kusokoneza kukumbukira zinthu. TMS siyambitsa kuiwala koteroko, koma ndi yofatsa, siyoyenera munthu wofunika thandizo la lero lomwe.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa ndikudziwa zomwe zichitike nkhaniyi ikangofika m'magulu a WhatsApp. Kubwera munthu wa tayi ndi chikwama, akugulitsa zibangili za maginito, mikanda ya maginito, kaya mapilo a maginito, n'kumati asayansi a ku America atsimikiza kuti maginito amachiza nkhawa. Aise, bwererani ku dayinamo. Njinga ikaima getsi limazima, ngakhale maginito ali momwemo. Maginito ongokhala phee sabala magetsi. Pamafunika maginito amphamvu kwambiri, oyaka ndi kuzima m'kuphethira kwa diso, olunjikitsidwa pamalo amodzi ndi munthu wophunzira. Maginito a mu sipika ya wailesi ukawamanga pachipumi, chomwe upeze ndi chizindikiro pachipumipo basi. Ndalama imeneyo bola ukwerere minibasi kupita kuchipatala.

Nanga kwathu kuno? Ndisakunamizeni. Ku America kumaliza milungu yonse ija kumadya masauzande a madola. Ku South Africa njirayi imapezeka m'zipatala zolipira za m'mizinda ikuluikulu monga Johannesburg ndi Cape Town. Makinawo ndi odula, amafuna magetsi osazimazima ndi anthu ophunzitsidwa, pomwe madokotala akuluakulu a matenda a maganizo m'dziko muno ndi owerengeka. Ndipo taganizirani munthu wa kumudzi, woti kudzuka pamphasa kokha kukumuvuta, azilipira kabaza ndi minibasi masiku 30. Ine ndikuona kuti ngati njirayi idzafike kwa anthu wamba ngati ife, idzafika kudzera mu ija ya mphindi zitatu kapena ya sabata imodzi, chifukwa ndi zomwe munthu wochokera kutali angakwanitse. Amene mukupita kukaphunzira zachipatala kapena zamagetsi, nkhani ndi imeneyo, makina amenewa adzafuna wina wowayendetsa ndi wina wowakonza akafa.

Koma chimene ndinachedwa kuchimvetsa, nditatha bandulo yambirimbiri, n'chakuti ngakhale kumayiko kumene makinawa ali mbwee, sayambira pamenepo. Amayamba ndi uphungu ndi mankhwala, ndipo zimenezo kuno zilipo. Zipatala za m'maboma zili ndi anamwino kapena madokotala othandiza pa matenda a maganizo. Kuli Zomba Mental Hospital, kuli gawo la matenda a maganizo ku Bwaila ku Lilongwe, kuli St John of God ku Mzuzu. Mankhwala monga amitriptyline ndi fluoxetine amagwiritsidwa ntchito m'dziko muno. Mankhwalawa sagwira ngati panado, amatenga milungu ingapo, ndipo oyamba akakanika sikuti zonse zakanika. Anzathu a ku Zimbabwe anaonetsanso kuti kuyankhulana kokonzedwa bwino ndi mankhwala ndithu. Dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare mu 2006, kuphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumathandiza anthu kumasula mavuto awo limodzilimodzi. Mchishona vutoli amalitcha kufungisisa, ndi chimodzimodzi ife tikamati munthu akuganiza kwambiri. Kafukufuku wawo wa 2016 anaonetsa kuti amene anakhala pabenchi paja anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse.

Msuweni wanga sanaonepo makina a maginito. Azakhali anabwerera naye kuchipatala n'kukanena mosabisa kuti mapilitsi aja sakuthandiza. Ine ndinkaopa kuti akawakalipira, koma anangomusinthira mankhwala ena, n'kumuuza kuti azibwera mwezi uliwonse kudzacheza ndi namwino. Zinatenganso milungu. Sindinganene kuti wabwerera mwakale, masiku ena amadzukabe olemera. Koma mwezi watha anabwera ku bwalo, anakhala kumbuyo kwa golo, n'kuyamba kumunena goloboyi wathu kuti manja ake ndi a sefa. Ndinatsala pang'ono kulira ndi chipongwe chimenecho.

Ngati pano pali wina amene zomwe ndafotokoza zija akuzimva m'thupi mwake, kapena akuganiza zodzivulaza, usadikire msonkhano wa mwezi wamawa. Uza munthu wamkulu amene umamukhulupirira lero lomwe, ndipo mupite limodzi kuchipatala. Amayi a matroni anena kuti atsala pano tikabalalika, aliyense akhoza kuwaona payekha. Ngati ndi mnzako amene akuzilala, usamuuze kuti limba mtima ndiwe mwamuna. Mufunse, mumvetsere, ndipo ngati akuopa kupita yekha, muperekeze. Ngati akumwa kale mankhwala, asasiye yekha chifukwa wamva za maginito kwa ine, akakambirane ndi amene anamulembera.

Sabata yamawa ndibwera ndi dayinamo ya agogo, andibwereka nditawalonjeza kuti ndiibweza yamoyo. Amene muli ndi kababu kakang'ono ka tochi mubwere nako. A wapampando, ndathera pamenepa, ngati nthawi ilipo ndilandire mafunso.